Mthenga Wopanda Mano

Ana inu, sendezani lichero kuno, nandolo sasendeka ndi maso. Iwe Tadala, ika foniyo pansi, mnyamata wakoyo sathawa. Ukhale pafupi ndi msuweni wako Yamikani, pomwe Chinyanja chamusiya uzimunong'oneza m'Chizungu chakecho, chifukwa nkhani ya lero mwini wake ndi iyeyu.

M'mawa muja munandifunsa kuti chikwama ndachilongedzeranji. Ndinati ndikupita ku Songani kukaona mng'ono wanga wodwala. Mng'ono wangayo ali bwinobwino, dzulo lomweli anali kudimba akuthirira mpiru. Ine ndikuthawa. Mawa bambo ake a Yamikani akufika kuchokera ku Mangalande kutsatira mkazi ndi mwana amene anatsogola, ndipo ine, nkhalamba ya imvi mbuu, ndikufuna kuzemba pakhomo panga pomwe ngati wakuba nkhuku. Aka si koyamba. Nthawi iliyonse akabwera kumudzi, mng'ono wangayo amadwala. Tsono dzulo mwana wanga Esinati, mayi ake a Yamikaniyu, anandikhalira pansi m'khitchinimo misozi ili chuchuchu. Akuti amuna ake anena kuti akapezanso ndachoka, sadzapondanso pabwalo pano, poti n'zoonekeratu kuti anandilakwira ndipo sindinawakhululukire. Munthu ameneyo sanandilakwire kanthu. Ndi manyazi, ana inu, manyazi okhaokha, ndipo andidya zaka zonse zimene mtsikanayu wakhala akukula.

Inu a masiku ano mawu oti apongozi mumangowatchula ngati dzina la sopo. Tsiku lina ku Zakazaka ndinaona mnyamata akujambulitsa chithunzi atakoleka mkono pakhosi pa mayi a mkazi wake, onse mano pamtunda. Ndinayang'ana kumbali, manyazi awo ndinawachitira ndine. Kwathu ku Songani mkamwini ndi mayi wa mkazi wake sankayang'anana m'maso. Sankadyera pamodzi, sankakhala pamphasa imodzi, ndipo bafa ndi chimbudzi aliyense anali ndi zake. Malemu agogo anu aamuna tsiku lina akuchokera m'tauni pa njinga anakumana ndi mayi anga pakanjira kopanikizika. Anapatuka ndi njinga yomwe n'kulowa m'tchire, osadziwa kuti munali chitedze. Anadzikanda mpaka Lamlungu, m'tchalitchi momwe. Sekani, nanenso ndinaseka. Koma mayi anga ankamukonda munthu ameneyo kuposa ife ana awo. Akaphika nyemba za kalongonda mbale yoyamba inali yake. Akafuna kumuuza kanthu ankauza mwana kuti akanene, mwini wake ali pomwepo kuseri kwa nkhokwe akumva zonse. Sichinali chidani ayi, unali ulemu.

Ine ndinakula nazo zimenezo ndipo ndinkanyada nazo kwambiri. Esinati atakwatiwa, Mulungu anandipatsa apongozi ondiyenera. Anali nesi ngati mkazi wawo, munthu wa sukulu, koma akabwera pano ankavula chipewa asanalowe pageti, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mapeyala uwo. Ine ndinkakhala pakhonde pano. Moni ankayenda pabwalo kudzera mwa aliyense amene wadutsa, ngakhale mwana wa aneba wodzapala moto. Anzanga ankasirira. Ine ndikamapita ku msonkhano wa amayi kutchalitchi ndinkayenda khosi lili tolotolo, ndikuti zoterezi zinatsala kwa ine ndekha.

Kenako onse awiri anapeza ntchito ku Mangalande, ndipo patapita nthawi iwe Yamikani unabadwa. Esinati anandiimbira foni kuti, "Amayi, bwerani mudzandigwirire mwana. Kuno wolera mwana sapezeka wamba, ndipo ndikapanda kubwerera kuntchito zinthu sizitiyendera." Anthu anandiopseza ndi kuzizira. Ine kuzizira? Ndinawaseka. Ine amene ndinkakwera phiri ili mwezi wa Juni, chifunga chili fwaa moti mnzako wapatsogolo ukungomumva kutsokomola, n'kutsika ndi mtolo wa nkhuni wotalika kuposa khondeli, nkhata yake ya sanza? Inu nkhata simukuidziwanso, mumasenza zinthu kumsana ngati alendo odzaona malo. Anandiopsezanso ndi azungu. Ine amene ndinakhala zaka m'mbali mwa msewu wa kuphiri ndikuwagulitsa sitiroberi ndi mbatata ya kachewere, ndikuwathamangira mpaka pawindo la galimoto? Ndinafunsa za majuzi, za ufa, za tchalitchi. Chinthu chimodzi chokha sindinafunse, kukula kwa nyumba.

Makolo athu anachoka ku Mozambiki wapansi, mitolo pamutu, ana kumbuyo. Koma akafika pamalo ankayamba n'kuyeza ndi mapazi, apa nyumba, apo khitchini, chimbudzi uko kutali. Ine ndinayenda pa ndege, atsikana ovala bwino akundipatsa chakudya ndili khale, koma ndinakafikira m'kabokosi. Nyumba yake inali pamwamba pa nyumba ya anthu ena, ndipo pamwamba pathu panalinso ena. Zipinda zogona ziwiri, pabalaza pophatikiza ndi khitchini, ndi kanjira kapakati koti anthu awiri sangadutsane osakhudzana mapewa. Bwalo kunalibe. Kuseri kwa nyumba kunalibe. Bafa ndi chimbudzi zinali m'kachipinda kamodzi, ndipo chitseko chake chinayang'anana ndi chitseko cha kuchipinda kwa apongozi anga.

Ndinamukokera Esinati pambali.

"Iwe, nanga chathu cha azimayi chili kuti?"

"Ndi chomwechi, amayi. Tonse."

"Ndi bambo a mwanayu omwe?"

Anaseka mpaka kugwira khoma. "Amayi, kuno ndi kunja. Zimenezo zisiyeni ku Songani, muzolowera."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti zinthu zatembenuka. Kwathu mwamuna ndi amene amapita kukakhala kwa akazi n'kumayenda monyang'ama. Kumeneko mkamwini ndinasanduka ndine.

Zambiri ndinazolowera ndithu, musandione chonchi. Ndinaphunzira kuyatsa hita yotenthetsa m'nyumba ndi sitovu yopanda moto wooneka. Ndinaphunzira kukankha mwana pa kangolo m'malo momubereka, ngakhale ndikangolowa m'nyumba ndinkamuponya kumbuyo. Ndinaphunzira kuti munthu ukamupatsa moni pamasitepe, akangokweza nsidze ndiye kuti wayankha, usadikire kuti akufunse za kunyumba. Dzuwa linkatuluka mochedwa ngati wantchito waulesi n'kuweruka ana asanabwere kusukulu, ndipo nazonso ndinangozisiya. Koma tsiku lina ndikudutsa m'khitchini ndinasuzumira pagalasi la makina ochapira. Ndinaona thalauza la apongozi anga likuzungulira, ndipo chinthu chokulungana nalo chinali kansalu kanga kam'kati. Esinati anangotola zonse n'kuponyamo pamodzi. Ndinaima kutsogolo kwa makinawo nditatambasula chitenje mpaka anasiya kulira, thukuta lili kamukamu m'dziko lozizira lija. Kuyambira pamenepo zanga ndinkachapa ndekha m'ndowa, n'kuyanika pa hita ya kuchipinda kwanga, chitseko chili chitsekere.

Vuto lalikulu linali la nthawi. Esinati ankagwira ntchito masana, apongozi usiku, kuti azisinthana. Ndiye tsiku lonse m'kabokosi muja tinkatsala atatu, ine, iwo, ndi khanda. Tsiku loyamba ndinadzitsekera kuchipinda ndi mwana, osadziwa kuti tikhala bwanji. Ndinamva mapazi m'kanjira kaja, kenako kutsokomola kwa dala.

"Yamikani," anatero mawu kuseri kwa chitseko, "uwafunse anganga ako ngati adzuka bwino."

Iwe unali pamiyendo panga ukuyamwa chibakera, m'kamwa mopanda ngakhale dzino limodzi. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati munthu uyu analeredwa.

"Yamikani, uwauze adadi ako kuti tadzuka, kaya iwo. Uwauze kuti phala lili pasitovu."

Ndiwe unakhala mthenga wathu, ndipo sindinaonepo mthenga wokhulupirika chotero. Sunawonjezere mawu, sunachotse. "Yamikani, uwauze anganga ako kuti kunja kukuterera, lero asatuluke." "Yamikani, uwafunse adadi ako ngati malaya oyera aja ndiwasite." Tsiku lina mayi wina wa kutchalitchi anandipatsa matemba a ku Chilwa. Ndinati ndiwawambe pang'ono monga timachitira. Kabelu kena ka kudenga kanalira ngati kwagwa maliro, nyumba yonse utsi tolo, aneba akutsegula zitseko. Apongozi anatuluka kuchipinda ali ndi tulo m'maso, anatsegula mawindo atandifulatira, n'kungoti, "Yamikani, uwauze anganga ako kuti kafungo aka kandifikitsa kwathu." Sanatchule za belu lija ngakhale kamodzi.

Koma nkhani ya kachipinda kaja sinkatheka kutumira mwana. Makoma ake anali ngati a katoni. Ukakoka madzi nyumba yonse inkadziwa kuti wina wamaliza. Ine ndinalumbira mumtima kuti apongozi anga ali m'nyumba sindidzalowamo. Mwayi wake, masana aliwonse akadzuka ankavala jekete n'kunena kuti, "Yamikani, uwauze anganga ako kuti ndapita kokagula nyuzipepala, ndichedwako." Ankachedwadi, kaya kugwe mvula kaya chisanu. Nthawi imeneyo ndi imene ndinkathamanga kukachita zonse, kusamba komwe. Ine m'kupusa kwanga ndinkangoti munthuyu amakonda kuwerenga. Ndinadzaziona pambuyo pake nyuzipepalazo zitaunjikana pansi pa tebulo, zambiri zosatsegula n'komwe.

Komabe thupi la munthu silidikira nyuzipepala. Ndiye ndinapeza nzeru, nzeru zake za nkhuku. Ndinasiya kumwa. Tiyi amene ndimamukonda chonchi ndinkangonyambita. Madzi ndinkamwa pongomezera mankhwala. Esinati akafunsa ndinkati madzi a kuno sakoma. Milomo inayamba kusweka, mutu unkandiwawa, ndikadzuka msanga nyumba inkazungulira. Ndinkati ndi nyengo.

Linali tsiku la chisanu choopsa, kunja kutagwa madzi oundana aja ooneka ngati ufa. Apongozi anatsanzika kwa mthenga wathu n'kutuluka. Ndinakugoneka m'kabedi kako ka mipiringidzo, ndinathamangira kubafa, chitenje n'kukoleka kuseri kwa chitseko. Sindinakhome, poti Esinati anandiletsa kukhoma ndikakhala ndekha ndi mwana. Ndinatsegula madzi. Ndikuti ndiwerame nditole sopo, m'maso munada bii. Nditatsitsimuka ndinali pansi pa matailosi, mwendo uwu utapotoka, m'chiuno mukuwawa moti mpweya unkakana kulowa. Madzi otentha anatha, amene ankandithira tsopano anali ozizira kuposa a mumtsinje wa Mulunguzi m'mamawa. Mpopi sindinkaufikira. Chitenje ndinkachiona chikulendewera apo, koma chinali ngati chili ku Zomba. Iwe unadzuka n'kuyamba kulira.

Kenako ndinamva kiyi pachitseko chakunja.

Ana inu, ndikuuzeni zoona. Sindinapemphere kuti andipulumutse. Ndinapemphera kuti Ambuye anditenge msanga, adzapeze mtembo, poti mtembo suchita manyazi. Ndinaluma mlomo kuti ndisabuule.

Ndinawamva akukunyamula, akukutonthoza. Kenako mapazi anaima pachitseko cha bafa, pomwe madzi anali atayamba kutulukira pansi.

"Yamikani, uwafunse anganga ako ngati ali bwino."

Anagogoda kawiri.

"Yamikani, uwauze anganga ako kuti akapanda kuyankha nditsegula."

"Yamikani!" Mawu anatuluka okha. "Uwauze adadi ako asayerekeze! Ndagwa. Akaitane munthu wamkazi."

Anathamangadi. Ndinawamva akugogoda chitseko ndi chitseko, pamwamba ndi pansi, iwe ukulira m'manja mwawo. Kuno ukangokuwa kamodzi amayi a mzere wonse amafika zitenje zili m'manja. Kumeneko masana nyumba zimakhala zopanda anthu, ndipo amene analimo sanatsegule. Anaimbira Esinati, koma kuntchito kwawo foni amasiya m'kabati. Anaimbira ambulansi, akuti ikubwera koma misewu yatsekeka ndi chisanu, tidikire. Anabwerera pachitseko paja akupuma mwawefuwefu, n'kuyamba kufunsa mafunso awo a unesi. Mwendo ukugwedezeka? Mutu wamenya? Mukunjenjemera? Ndinkayankha kudzera mwa iwe, koma lilime linayamba kulemera. Kunjenjemera kunayamba kuchepa, ndipo tulo tokoma tinayamba kubwera. Nditanena zimenezo, mawu awo anasintha.

"Yamikani, uwauze anganga ako kuti tulo timeneto ndi toipa. Kuzizira kumeneko kumapha. Sindingadikirenso."

"Uwauze kuti bola ndife."

Ndinamva akukuika m'kabedi, akuyenda kupita pabalaza, n'kubwerera.

"Yamikani, uwauze anganga ako kuti duku lawo lija anasiya pampando ndadzimanga nalo kumaso. Ndapinda kawiri. Ndikulowa."

Chitseko chinatseguka. Ndinkafuna kutsinzina koma maso anakana. Ndinaona bambo wamkulu, duku langa la maluwa ofiira lili kumaso, bulangete atalitambasula kutsogolo, akupapasa pansi ndi phazi. Atawerama kuti apeze mpopi anawomba mphumi pangodya ya sinki. Inalira kuti gu! Magazi anatsika kudutsa pansi pa duku mpaka kuchibwano. Munthu aliyense akanavula nsaluyo kuti aone chamupweteka. Iwo anangoima pang'ono, kupuma, n'kupitiriza kupapasa mpaka madzi anatseka. Anandifunditsa bulangete kuyambira kukhosi mpaka kumapazi, anabweretsa lina, anandiikira thaulo kumutu. Sanandinyamule, anati fupa likathyoka munthu sasunthidwa. Koma anagwira dzanja langa apa, pamkono, kuti amve kugunda kwa mtima. Dzanja la apongozi anga pathupi langa, ine ndili chigonere pansi pa bafa, pakati pa ine ndi iwo pali bulangete lokha. Ndinalira, osati chifukwa cha fupa.

Yamikani, chipsera chili pamwamba pa diso la adadi ako chija, anakuuza kuti chinabwera bwanji? Mpira? Eya, mpira wake unali umenewo.

Atamaliza anatuluka, anakhala pansi m'kanjira atafulatira chitseko, iwe uli pamiyendo pawo. Sanalole kuti ndigone. "Yamikani, uwafunse anganga ako mayina a amayi onse amene ankagulitsa nawo kuphiri." Ndinatchula. "Uwafunse kuti kalongonda amaphika bwanji kuti asaledzeretse." Ndinafotokoza, mano akugundana, kuti umawiritsa n'kutaya madzi, kuwiritsanso n'kutaya, tsiku lonse. Mafunso atatha anayamba nyimbo ya kutchalitchi, akuilakwitsa dala kuti ndiwakonze. Ndinawakonzadi. Ngakhale ndili pakhomo pa imfa, nyimbo yolakwika sindingaimve n'kukhala chete.

Mukuganiza kuti manyazi anathera pamenepo? Aakulu anali kutsogolo. Kuchipatala anandivundikira bwino, anandipatsa mankhwala, koma Esinati anali asanafike, ndipo Chizungu changa ndi cha sitiroberi, chongodziwa kutchula mtengo ndi kuthokoza. Womasulira anali apongozi omwewo, atakhala kuseri kwa katani, mphumi atamata pulasitala, iwe uli m'manja. Dokotala anali mayi wamtali wa tsitsi lofiira. Anayang'ana lilime langa, anatsina khungu la padzanja, n'kulankhula nthawi yaitali.

"Yamikani, uwauze anganga ako kuti adokotala akuti fupa la m'chiuno lathyoka, aikamo chitsulo. Koma akuti chimene chinawagwetsa si matailosi. Akuti thupi lawo lauma, impso zatopa. Akufunsa kuti n'chifukwa chiyani samamwa madzi."

Ndinayang'ana kudenga. Ndikanatha kunena kuti madzi a kuno sakoma. Koma munthu amene wangotaya magazi chifukwa cha ine, ndimunamize? Ndipo ndinali nditatopa.

"Yamikani, uwauze kuti ndinkaopa kulowa m'kachipinda kaja adadi ako ali m'nyumba."

Dokotala anadikira, akuyang'ana uku ndi uku. Kenako kuseri kwa katani ndinamva munthu wamkulu akufwenthera, akuyesa kubisa. Anauza dokotala mawu ochepa, sindikudziwa kuti anati chiyani. Ine ndinakoka nsalu n'kudziphimba kumutu. Chinthu chimene mkazi sanena ngakhale kwa mwamuna wake, ine ndinachinena kwa apongozi, pamaso pa mzungu.

Kuchokera tsiku limenelo mthenga wathu anatha ntchito. Nditatuluka m'chipatala ndinkangokhala kuchipinda, Esinati akundisambitsa ndi kundiyendetsa. Apongozi anasintha ntchito kuti masana asamapezeke, ndipo ndinamva kuti anayamba kufunafuna nyumba ya zimbudzi ziwiri. M'mawa ankaimabe pachitseko. "Yamikani, uwafunse anganga ako ngati mwendo ukupepukako." Ine ndinkatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Ndikangomva mawu awo ndinkaona duku lija, matailosi aja, katani ija. Anafunsa masiku ambiri. Kenako ankangoima, n'kutsokomola, n'kuchoka. Nditangoyamba kuyenda ndi ndodo ndinauza Esinati kuti ndikufuna kwathu. Analira, anandichonderera, anati nanga mwana. Ndinaumirira. Anachepetsa masiku a ntchito kuti akulere yekha, ndipo ndikudziwa kuti anavutika. Pabwalo la ndege apongozi ananyamula chikwama changa mpaka pomwe amalekezera operekeza. Ine nkhope inali m'chitenje. Iwe dzino lako loyamba linali litangotuluka kumene.

Nditafika kuno anthu anadzaza pabwalo kudzaona wobwera kunja. Ankafunsa za ndege, za azungu, za chisanu. Za mwendo ndinkati ndinaterereka pa madzi oundana, ndipo amayi a kutchalitchi ankagwedeza mitu kuti dziko limenelo ndi loopsa. Ankati, "Koma muli ndi mwayi, apongozi anu aja ndi aulemu." Ine ndinkangoti eya, maso ali pansi. Esinati yekha ndi amene ankadziwa, ndipo naye sitinaikambenso nkhaniyi mpaka dzulo. Dzulo m'pamene wandiuza kuti zaka zonsezi amuna ake amadziimba mlandu. Akuti iwo nesi, wosamalira nkhalamba za eni ake usiku wonse, analephera kuona kuti mayi akuuma m'nyumba mwawo momwe chifukwa cha iwo. Ndiponso akuti anatsegula chitseko chimene ndinawaletsa. Ine ndikuthawa kuti anandiona pa tsiku loipa, iwo akuganiza kuti ndikuthawa chifukwa ndinakwiya. Nanga ndikanawauza bwanji? Pakhonde pano mpaka pamtengo uwo ndi pafupi, koma mawu ngati amenewa sangadzere mwa mwana wa aneba.

Tadala, wamufotokozera zonse? Za makina ochapira ukanadumpha, mwana wopanda manyazi iwe. Taonani Yamikaniyu akundiyang'ana ndi maso a bambo ake enieni. Yamikani, sendera kuno. Mano tsopano uli nawo odzaza m'kamwa, ena mpaka anawamanga ndi waya. Ndikufuna ndikutume, monga kale. Kaya ndikhala kaya ndipita ku Songani, mawuwa akafike.

Chiyani? Lankhula mokweza, khutu ili linatsalira kuphiri. Akutuma kale? Liti? Tadala, akuti chiyani? Akuti adadi ake anamuphunzitsa mawu a Chinyanja m'galimoto popita ku ndege, anamubwerezetsa njira yonse, n'kumuuza kuti asawatchule pokhapokha anganga akayamba okha kumutuma. Iye samadziwa tanthauzo lake. Chabwino, nena. Pang'onopang'ono.

"Anganga, adadi akuti pepani. Akutinso sanaone kanthu."

Musandiyang'ane, ndi nandoloyu wandilowa m'maso. Nandolo amatero akakhala wouma.

Pepani wa chiyani, abale? Iwe Tadala, m'malo mongoti kakasi pamenepo, pita kuchipinda ukamasule chikwama chija, zovala ubwezere m'sutikesi. Umuimbirenso mng'ono wanga ku Songani umuuze kuti wachira. Anyamata inu, mawa m'mamawa musese pansi pa mtengo wa mapeyala, muikepo mpando uja wa ndalema, osati wogwedera uja. Ine ndidzakhala pakhonde pano pamalo panga, iwo apo pamalo pawo, iwe Yamikani pakati.

Tsono tchera khutu, ndipo ubwereze mpaka lilime lizolowere. Ukawauze adadi ako kuti anganga akuti akudziwa, munthu woona sawomba mutu pa sinki. Ukawauze kuti akuti zikomo, ndipo zikomo ameneyu ndi wakale, msinkhu wake ndi wofanana ndi wako. Ukawauzenso kuti akafika asafulumire kunyamuka kokagula nyuzipepala. Tiyi tidzamwera pabwalo pompano, ndipo ine ndidzamwa makapu awiri, iwo ali pomwepo.